Bambo Akapita Kukayezetsa Ziwalo Zobisika, Chimachitika N'chiyani?

Ife amene timathandiza pa ntchito za umoyo m'mipingo timaona chinthu chimodzi kulikonse kumene tapita. Tikakonza tsiku loyeza BP ndi shuga, mabenchi amadzaza ndi amayi ndi ana. Abambo amabwera ochepa, ndipo obwerawo amangofunsa za mutu, msana ndi mawondo. Za kumunsi kwa mchombo sazitchula. Koma anthu akabalalika sipalephera kupezeka wina wotsalira, amene amatikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pali mnzanga wina amene akuvutika pokodza." Nthawi zambiri mnzakeyo amakhala mwini wake yemweyo.

Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Matenda ambiri a ziwalo zachimuna amachizika bwinobwino akapezeka msanga, koma amawononga kubereka, impso, banja, ngakhale moyo weniweniwo akasungidwa m'thalauza kwa zaka. Chimene chimabweza abambo ambiri si ululu ayi, koma kusadziwa zimene akakumane nazo m'chipinda cha adokotala. N'chifukwa chake tafuna kufotokoza ndondomeko yonse. Mutikhululukire, mawu ena tiwatchula mosapsatira, poti nkhani ya matenda ikanenedwa mophiphiritsa kwambiri siithandiza munthu.

Zimayamba ndi mafunso

Musanavule chilichonse, adokotala amayamba acheza nanu. Gawo limeneli ndi lofunika kwambiri, chifukwa matenda ambiri amadziwika kuchokera m'zimene wodwala wafotokoza. Adzafuna kudziwa kuti vutolo lidayamba liti, lidabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ndiponso ngati pakupweteka. Adzafunsa za mkodzo: mumadzuka kangati usiku, umatuluka mwamphamvu kapena umangodontha, mumamva kuotcha, mudaonamo magazi? Adzafunsanso ngati kunjira ya mkodzo kukutuluka mafinya, komanso ngati mudakhalapo ndi chilonda kumaliseche, ngakhale chimene chidapola chokha kalekale.

Mafunso ena amakhala ngati akusuzumira kuchipinda kwanu. Mwagonana ndi anthu angati miyezi yapitayi? Mudagwiritsa ntchito kondomu? Mudayezetsa liti HIV? Apa m'pamene ambiri amayamba kuzemba. Tikumbukire kuti adokotala si ankhoswe ndipo si mkulu wa mpingo. Sakufunsa kuti aweruze mlandu, akufuna asankhe mankhwala oyenera. Lamulo la ntchito yawo limawakakamiza kusunga chinsinsi cha wodwala. Yankho labodza limabweretsa mankhwala olakwika, ndipo wovutika mumakhala inuyo ndi akunyumba kwanu.

Auzeninso za kale. Ngati mudadwala matsagwidi mutatha msinkhu machende n'kutupa, nenani. Ngati mudavulalapo pa mpira kapena panjinga, nenani. Ngati mumasamba kapena kuwedza kunyanja, kumtsinje kapena mumagwira ntchito m'minda ya mpunga, nenaninso. Tchulani mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba monga gondolosi ndi mapiritsi ogula pamsika. Buku lanu la kuchipatala musalisiye kunyumba.

Kuona ndi kukhudza

Kuyeza kwenikweniko kumatenga mphindi zochepa. Muli ndi ufulu wopempha kuti chitseko chitsekedwe kapena katani itchingidwe, kuti akufotokozereni zimene akuchita, ndiponso kuti akuyezeni mwamuna mnzanu ngati alipo tsikulo. Adokotala amavala magolovesi. Kawirikawiri amayamba kukuyezani muli chiimire, kenako mutagona chagada, chifukwa kutupa kwina kumaoneka munthu akaima ndipo kumabisala akagona.

Poyamba amayang'ana khungu ngati pali zilonda, matuza, njerewere, zipere kapena mphere. Amakhudza m'mphechepeche kuti amve ngati muli mwanabere. Kwa bambo wosadulidwa, amabweza khungu la kunsonga kuti aone m'kati, popeza zilonda ndi njerewere zimakonda kubisala mmenemo. Akatero amakhudza machende, limodzi limodzi. Labwinobwino limakhala losalala ndi lolimbirako ngati dzira lowiritsa losenda. Si vuto ngati limodzi lili lokulirapo pang'ono kapena lotsika kuposa linzake, ndipo mwa abambo ambiri lotsika limakhala la kumanzere. Kuseri kwa lililonse kuli kanjira kofewa kopindikapindika komwe mbewu ya abambo imakhwimira. Abambo ena akakakhudza koyamba amachita mantha poganiza kuti ndi chotupa, pamene ndi mmene thupi lidalengedwera.

Adokotala angakuuzeni kuti mutsokomole atakugwirani m'mphechepeche. Apo akufufuza ngati pali potuluka matumbo. Ena amada nkhawa kuti thupi lingachite zochititsa manyazi pokhudzidwa. Achipatala amadziwa kuti zimenezo zimachitika zokha, ndipo sazitenga ngati nkhani.

Kutupa kuli mitundumitundu

Kumudzi, kutupa kulikonse kwa kumusi timangoti phudzi. Kuchipatala amasiyanitsa, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana.

Phudzi lenileni ndi madzi odzaza m'thumba mozungulira tchende. Silipweteka kwenikweni koma limalemera, limalepheretsa munthu kupalasa njinga, kulima ndi kukhala malo amodzi ndi mkazi wake. Adokotala akaunika ndi tochi kuseri kwa chotupacho, kuwala kumadutsa chifukwa m'kati muli madzi. Kuno kwathu phudzi lambiri lidabwera ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, tomwenso timatupitsa miyendo, makamaka ku Nsanje, Chikwawa ndi Karonga. Mu 2020 bungwe la World Health Organization lidavomereza kuti Malawi wagonjetsa matendawa moti salinso chiopsezo kwa anthu ambiri, koma abambo amene adatupa kale akadalipo. Phudzi silitha ndi mphini kapena zitsamba. Limatha ndi opaleshoni yosavuta imene imachitika m'zipatala za m'maboma.

Hernia ndi ina. Imeneyi ndi matumbo amene apeza pofooka m'mphechepeche n'kutsikira kuthumba. Imakula munthu akatsokomola kapena kunyamula katundu, ndipo imabwerera m'mimba akagona. Tsiku limene yakana kubwerera, n'kuyamba kupweteka ndi kusanzitsa, ndiye kuti matumbo apanika, ndipo munthuyo afunika opaleshoni tsiku lomwelo.

Palinso varicocele, kutanthauza mitsempha ya magazi yotupa ndi yopotanapotana pamwamba pa tchende, kawirikawiri la kumanzere. Ambiri sazindikira n'komwe kuti ali nayo, koma mwa ena imachepetsa mbewu.

Chotupa chofuna kusamala kwambiri ndi cholimba, chosapweteka, chomera pa tchende penipenipo. Chikhoza kukhala khansa, imene imakonda kugwira anyamata ndi abambo a zaka zapakati pa 15 ndi 35. Popeza sichipweteka, ambiri amachinyalanyaza. Komatu khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene zimachizika kwambiri ikapezeka msanga, ndipo tchende limodzi lotsala limakwanira kuti munthu abereke. Adokotala akakayikira, amakutumizani kukaunikidwa ndi makina a ultrasound, amene sapweteka konse.

Prostate ndi chala cha adokotala

Pansi pa chikhodzodzo cha bambo aliyense pali kachiwalo kotchedwa prostate, kakakulu ngati dzira la nkhunda. Kamazungulira njira ya mkodzo ndipo kamapanga ena mwa madzi a umuna. Munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 50, kachiwaloka kamakula n'kuyamba kufinya njirayo. Zizindikiro zake ndi kuchedwa kuyamba kukodza, mkodzo wofooka, kudonthezera m'kabudula mukamaliza, kumva ngati mkodzo watsalira, ndi kudzuka kangapo usiku. Kukula kwa prostate kotereku si khansa, ndipo pali mapiritsi ndi opaleshoni zothandiza. Koma kukasiyidwa, mkodzo umatha kutsekeka kotheratu, kapena kubwerera m'mwamba n'kuwononga impso.

Khansa ya prostate ndi nkhani ina. Ikamayamba siionetsa chizindikiro chilichonse. Ambiri amafika kuchipatala itafalikira kale m'mafupa, akudandaula msana ndi chiuno. Imagwira kwambiri abambo akuda kuposa a mitundu ina, ndipo chiopsezo chimakula ngati bambo anu kapena mchimwene wanu adadwalapo. Choncho tikulimbikitsa kuti bambo akafika zaka 45 ayambe kukambirana ndi adokotala za kuyezetsa, ndipo amene matendawa ali kumtundu kwawo ayambe ali ndi zaka 40.

Kuyeza kwake n'kumene abambo ambiri amathawa. Mumagona cham'mbali mawondo atapindidwa, ndipo adokotala, atavala golovesi ndi kupaka mafuta oterera, amalowetsa chala chimodzi kotulukira chimbudzi kuti akhudze prostate. Sizikwana ndi mphindi imodzi yomwe. N'zosasangalatsa, koma sizipweteka kwenikweni, ndipo sizichotsa ulemu kapena umuna wa munthu. Prostate yabwinobwino imakhala yosalala, pamene yokayikitsa imakhala yolimba kapena ya mabampu. Palinso kuyeza magazi kotchedwa PSA, kumene kumapezeka m'zipatala zikuluzikulu. PSA ikakwera sindiye kuti muli ndi khansa ayi, chifukwa imakweranso prostate ikangokula kapena ikagwidwa ndi tizilombo. Chotsimikiza n'kutenga kanyama kakang'ono ka prostate n'kukakayeza ku labu.

Mafinya, zilonda ndi magazi

Chinzonono chimadziwika ndi mafinya ndi kuotcha pokodza. Anyamata ambiri amagula makapisozi awiri atatu pagolosale, mafinya n'kuleka, iwo n'kumati achira. Tizilomboto timakhala tikadali m'thupi, ndipo tikuphunzira kupirira mankhwala. Pakapita zaka, njira ya mkodzo imatha kuphwanyika zipsera n'kuchepa, kapena tinjira todutsa mbewu n'kutsekeka, munthu osaberekanso.

Chindoko n'chonyenga kuposa pamenepo. Chimayamba ndi chilonda chosapweteka chimene chimapola chokha pakatha milungu ingapo. Matendawo amatsala m'magazi, ndipo bambo akapatsira mkazi wake woyembekezera, mwana amatha kufera m'mimba kapena kubadwa wodwala. Kuyeza kwake n'kongobaya chala, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin. M'zipatala zathu munthu wobwera ndi mafinya kapena chilonda amalandira chithandizo tsiku lomwelo, ndipo amapatsidwa kakalata koti akapatse amene adagonana naye. Kakalata kameneka n'kolemera kukapereka, tikudziwa. Koma bambo amene wachira yekha n'kusiya mkazi wake akudwala, matendawo amamubwereranso, ndipo amakhala walakwira mkaziyo kawiri.

Chilonda cha kunsonga chimene sichikupola patatha mwezi mukumwa mankhwala chifunika kuonedwanso, chifukwa ilipo khansa imene imayamba choncho, makamaka mwa abambo osadulidwa amene khungu lawo silibwerera. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo chimenechi. Kafukufuku amene adachitika ku South Africa, Kenya ndi Uganda, yemwe zotsatira zake zidatuluka pakati pa 2005 ndi 2007, adaonetsanso kuti umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mwayi woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi. Umachepetsa chabe, suteteza kotheratu, ndipo sulowa m'malo mwa kukhulupirika m'banja.

Si magazi onse amene amabwera chifukwa cha chiwerewere. Likodzo, limene timalitenga m'madzi okhala ndi nkhono, timalidziwa ndi kukodza magazi, koma mazira a tizilombo take amakhazikikanso mu prostate ndi m'matumba osunga umuna. Ofufuza adapeza mazirawa mu umuna wa asodzi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Bambo wotere amaona magazi mu umuna, kapena amamva kupweteka pokhala malo amodzi ndi mkazi wake, ndipo m'banja mumabuka kukayikirana popanda wolakwa. Mankhwala ake ndi praziquantel, yemwe uja ana amalandira kusukulu. Likodzo losachizidwa kwa zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo, choncho magazi mu mkodzo asatengedwe ngati chizindikiro cha kukula kwa mnyamata.

Mwana akasowa pakhomo

Banja likatha chaka chathunthu likukhalira limodzi popanda kulera koma mimba osaoneka, ndi nthawi yopita kuchipatala. Lipoti la World Health Organization la 2023 lidati munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vutoli pa moyo wake. Mwambo wathu umafulumira kuloza chala mkazi. Iye ndiye amamwetsedwa zitsamba, kuyendetsedwa kwa asing'anga, kunyozedwa ndi alamu ake, mwinanso kusiyidwa. Chonsecho, pa mabanja pafupifupi theka amene akusowa mwana, vuto limakhala kwa mwamuna yekha kapena kwa onse awiri. Mwamuna akhoza kukhala ndi mphamvu zonse kuchipinda koma umuna wake uli ndi mbewu yochepa kapena ulibiretu.

Kuyeza mwamuna n'kosavuta ndiponso n'kotchipa kuposa kuyeza mkazi, choncho n'kwanzeru kuti ayambe ndi iye. Mumauzidwa kuti mukhale masiku 2 mpaka 7 osagonana, kenako mumapereka umuna m'kabotolo ka ku labu, ndipo uyenera kuyezedwa lisanathe ola limodzi. Amawerenga kuchuluka kwa mbewu, mmene ikuyendera ndi maonekedwe ake. Pa mililita imodzi payenera kupezeka mbewu zosachepera 16 miliyoni. Zotsatira zikakhala zosakondweretsa, amayezanso pakapita miyezi itatu, chifukwa mbewu imatenga pafupifupi nthawi imeneyo kuti ipangidwe, ndipo malungo kapena kutentha thupi kulikonse kumatha kuichepetsa kwa kanthawi.

Zoyambitsa zina zimakonzeka, monga varicocele ndi matenda osachizidwa. Fodya, chamba, mowa ndi kunenepa kwambiri zimawononga mbewu, ndipo kuzisiya kumathandiza. Kumene sikungatheke kukonza, choonadi chimamasulabe mkazi amene wasenza mlandu wosalakwa, ndipo banja limatha kukhala pansi n'kuganizira limodzi za kutsogolo. Mawu akuti gojo sayenera kumveka pakati pathu. Kusabereka ndi matenda ngati ena onse.

Mphamvu zikayamba kuchepa

Anthu amaseka kuti uje adagwa mu mpapaya, koma achipatala amaliona vutoli ngati chenjezo. Mitsempha yopititsa magazi kuchida cha abambo ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, ndiye shuga, BP ndi mafuta m'magazi zikayamba kuwononga mitsempha, iyoyo ndiyo imayamba kuonetsa. Bambo amene mphamvu zake zikuchepa amatha kudzadwala mtima kapena sitiroko patapita zaka zochepa. N'chifukwa chake mukadandaula zimenezi adokotala amayeza BP, shuga ndi sikelo, amafunsa za fodya, mowa, nkhawa ndi mmene mukukhalira m'banja. Mankhwala ena a BP ndi a matenda a maganizo amafooketsanso. Musawasiye nokha, kauzeni adokotala kuti akusinthireni.

Chenjerani ndi mapiritsi ndi timabotolo ta mphamvu togulitsidwa m'misika ndi m'madepoti. Simudziwa zimene zili m'katimo. Mankhwala a mtundu wa sildenafil akaphatikizana ndi mankhwala ena a mtima amagwetsa BP mwadzidzidzi, ndipo munthu amatha kufa. Kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku, kudya masamba, nyemba, zipatso ndi mgaiwa, kugona mokwanira ndi kutaya fodya ndi mowa, zimathandiza mitsempha ya thupi lonse, imeneyinso ili momwemo.

Zosadikira kuti kuche

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kuyamba mwaonera. Zikachitika, pezani njinga kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku:

Kupweteka koopsa kwa tchende limodzi kobwera mwadzidzidzi, nthawi zina ndi kusanza, makamaka mwa mnyamata. Likhoza kukhala kuti lapotokola mtsempha wake ndipo magazi sakufika. Opaleshoni ikachitika asanathe maola 6 limapulumuka, koma ikachedwa limafa.

Kulephereratu kukodza pamene chikhodzodzo chadzaza. Achipatala amaika kapaipi ndipo mpumulo umabwera pompo.

Chida kuima kopitirira maola 4 osagwa. Zimachitika kwa odwala sickle cell ndi kwa amene amwa mankhwala a mphamvu.

Khungu la kunsonga kubwerera m'mbuyo n'kukanirira komweko, nsonga n'kutupa.

Hernia yokana kubwerera, yopweteka ndi yosanzitsa.

Kutupa kwa thumba kapena pakati pa miyendo kofalikira msanga, khungu likuda ndi kununkha, thupi likutentha, makamaka kwa wodwala shuga.

Makolo, yang'anani ana aamuna

Posambitsa khanda lachimuna, onetsetsani kuti machende onse awiri ali m'thumba. Ngati limodzi silikupezeka mwana atakwana miyezi 6, kanenani kusikelo. Machende amafuna malo ozizirirapo kuposa m'mimba, ndipo lotsalira m'mwamba limawonongeka, komanso limakhala pa chiopsezo cha khansa mwanayo akadzakula. Opaleshoni yolitsitsa imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwane chaka ndi theka. Khungu la kunsonga la mwana wamng'ono musalibweze mokakamiza, limamasuka lokha akamakula. Ndipo mnyamata wanu auzidwe ndi bambo ake kapena amalume ake kuti akamva kupweteka kumusi anene msanga. Anyamata ambiri ataya tchende chifukwa adaopa kudzutsa makolo usiku.

Poyambira pake

Kamodzi pamwezi, mukamaliza kusamba madzi ofunda, gwirani tchende lililonse pakati pa chala chachikulu ndi zinzake n'kulizunguliza pang'onopang'ono. Mukazolowera mmene thupi lanu lilili, chachilendo mudzachizindikira msanga. Mukapeza chotupa, chilonda kapena kusintha kwa mkodzo, yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko. Iwo akaona kuti n'zofuna akatswiri adzakutumizani kuchipatala cha boma lanu, ndipo kuchoka apo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Zipatala za mishoni monga Malamulo ku Thyolo zimathandizanso, ngakhale pamakhala kulipira. Musanatuluke m'chipinda cha adokotala, funsani dzina la vuto lanu, mmene mumwere mankhwala ndi tsiku lobwereranso.

Amayi, inu ndinu amene mumayamba kuona kuti bambo akudzuka kasanu usiku, kapena kuti m'kabudula mwawo muli madontho. Lankhulani nawo mwaulemu muli awiri, osati pamaso pa ana kapena pa mkangano, ndipo ngati angalole aperekezeni. Koma pomaliza, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Abambo, mphindi zochepa za manyazi pamaso pa adokotala n'zopepuka poyerekeza ndi zaka za kuvutika, ndipo ana anu akukufunani muli amoyo ndi athanzi.